Manda a msuweni wanga m'kati mwa linga

Amonke a Othodoksi atafika kwathu ku Ngala, sanafune dambo kapena mchenga. Anasankha thanthwe lalitali loyang'ana kunyanja, pamalo poti ngakhale mbuzi zinkayamba zaganiza kaye zisanakwere. Anali amuna ovala zakuda, ndevu mpaka pachifuwa. Ankati kwawo nyumba zotere ankazimanga m'maphompho poopa achifwamba, choncho kunonso anamanga chimodzimodzi. Linga lake linali la miyala, lochindikala moti munthu akhoza kugona pamwamba pake chopingasa, timawindo tongokwana dzanja, khomo limodzi lachitsulo. Achifwamba ake ati? Ife chuma chathu chinali usipa basi.

Lamulo lawo linali loti mkazi salowa m'lingamo. Achipongwe ankati ngakhale nkhuku yathadzi imabwezedwa pakhomo.

Msuweni wanga, mwana yekhayo wa azakhali anga, anayamba ngati wosenza miyala. Kenako anasunga ndevu, n'kulowa osatulukanso. Atamwalira ndi chifuwa anamuika momwemo, ndipo azakhali analirira kunja kwa khomo osaona nkhope. Kunena zoona pamudzi sitinawamvere chisoni kwenikweni. Mayi ameneyu anali atatitopetsa ndi matama akuti mwana wake amadya ndi azungu pomwe ife tikununkha nsomba.

Patapita zaka azakhali anagula simenti kuti amange chiliza. Anatuma ine poti ndine mwamuna komanso mmisiri womanga.

"Iwe, kayeze mandawo," anatero azakhali. "Mwana wanga asagone ngati galu."

Ndinavomera chifukwa ndinkafuna kuona m'katimo. Mmonke wina, Mmalawi wa ku Mwadzama, anandikweza pa makwerero osemedwa m'thanthwe. Ntchito inalipo, ndisaname. Katchalitchi kawo kanali ndi denga lozungulira ngati mphika wovundikira, makoma odzaza nkhope za oyera mtima zamaso akuluakulu, ndipo mwala uliwonse unakhala pa unzake popanda mpata wolowetsa mpeni. Ndinachita nsanje.

Nditafunsa za manda, anandifotokozera modekha kuti pathanthwe dothi ndi lochepa. Mwambo wawo ndi woti pakapita zaka amafukula mafupa a m'bale, kuwatsuka ndi vinyo, n'kuwasunga m'chipinda, dzenjelo n'kudikira wina. Anatsegula kachitseko kunsi kwa tchalitchi. Pashelefu panali zigaza zingapo, chilichonse ndi dzina pamphumi. Msuweni wanga sindinafunikire kumuwerenga.

Azakhali ndinawapeza pansi pa mtengo kunja kwa linga, ali ndi amayi anzawo omwe anawaperekeza. Ndikanatha kuwatengera pambali, koma ine si munthu wokulunga mawu.

"Manda kulibe, Azakhali. Anamufukula. Mutu wake uli pashelefu ngati chikho."

Amayi aja anayamba kusuntha mmodzimmodzi. Kwathu wofukula maliro ndi mfiti, palibe dzina lina.

"Wadziwa bwanji kuti ndi iye?" anafunsa azakhali.

"Mpata wa mano uja, ngati wanuwo."

Anatseka pakamwa ndi dzanja. Kenako anadzuka n'kukamenya chitseko chachitsulo chija mpaka mmonke anasuzumira. Anagwada pamiyala mayi wamkulu uja, kupempha kafupa kamodzi kokha, ngakhale ka chala, kuti akakaike kumanda kwathu n'kumangapo. Mmonkeyo anayankha mwaulemu kwambiri kuti m'baleyo akupumula ndi abale ake, ndipo anawalonjeza mapemphero.

Nkhani inatitsogolera kumudzi. Pofika ife, anthu anali atagamula kale kuti azakhali anagulitsa mwana wawo kwa odya maliro, n'chifukwa chake ankanenepa. Ana analetsedwa kulandira chakudya kwa iwo, ndipo kudooko palibe ankafuna kuti akhudze nsomba zake. Simenti ija inauma m'matumba, nkhuku n'kumagonapo.

Atamwalira tinawaika mofulumira, anthu ochepa. Manda awo ali kumapeto kwenikweni, mulu wa dothi womera udzu. Chiliza amamanga ndi ana.