Kaseti ya Ukwati wa Asha

A Shaibu anali ophika mpunga wa pa maukwati ku Katete. Anachokera ku Malawi ali mnyamata, ndipo kwa zaka makumi awiri ukwati wa Asilamu sunkachitika popanda chipande chawo. Masiku ena onse ankakonza njinga kuseri kwa msika.

Mu 1988 anawagamula zaka ziwiri. Wapolisi wina analumbira m'khoti kuti Loweruka lina masana anawaona ndi maso ake akuwolotsa shuga kumalire, n'kuthawa kusiya njinga. Njingayo inalidi yawo, koma anali atabwereketsa munthu. Iwo anati tsikulo ankaphika pa ukwati wa Asha, mwana wa a Waziri a sitolo. Woweruza anati mboni zawozo n'zodyera nawo mbale imodzi.

Mlongo wawo Rabia ndiye anakumbukira kuti ukwatiwo unajambulidwa pa vidiyo, chinthu chosowa masiku amenewo. Loya wa ku Chipata anati apilo itheka, bola kaseti.

A Waziri anakana kuipereka. M'kasetimo Asha ankavina pakati pa azimayi anzake, wopanda mpango kumutu.

"Mwana wanga aonedwe ndi khoti lonse? Ndi amesenjala omwe?"

"Ndiye alongo anga awolere m'ndende chifukwa cha mpango?" anafunsa Rabia.

Anapitako kanayi. Kachisanu anapezako Asha, yemwe anamvetsera, n'kulowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kasetiyo.

"Mutu ndi wanga, ababa. Mpunga munadya ndinu."

Ku Chipata, TV anaiika patebulo la kalaliki. A Shaibu anakhala mtima uli m'mwamba, poti pa ukwatipo ankaifulatira kamera ikayandikira. Ola lathunthu khoti linaonera magule, utsi ndi msana wa munthu. Kenako msana uja unatembenuka: a Shaibu, thukuta kamukamu, akupakulira munthu wa yunifomu amene ankaloza nyama mumphika.

Jaji anati abwezeretse kawiri. Anayang'ana wapolisi uja.

"Uyu si inu?"

"Akufanana nane, bwana."

A Shaibu anatuluka atakhalamo miyezi isanu ndi iwiri. Mpunga akuphikabe, njinga sabwereketsanso. Wojambula akafika kumiphika amaika chipande pansi, n'kuyang'anitsitsa kamera mpaka mwini wake atatopa.