Kadontho ka Kyuteksi pa Khadi Langa

Tinakumana mu shopu ya zida za kompyuta, anzanga ondionera pa live, ine nditagwira bokosi la motherboard mozondotsa.

Ndinali nditangomaliza digiri. Ma CV ndinatumiza mpaka chala kutopa, foni osalira. Ndinati ayi, sindidikira interview mpaka imvi. Ndimanga kompyuta yanga ya magemu, ndizisewera live, dziko lindidziwe. Thumba linali lopepuka, koma mtima unali pa liwiro.

"Imeneyo ikulizani, sisi," anatero munthu kumbuyo kwanga. "Siigwirizana ndi RAM mwanyamulayo."

Nditatembenuka ndinaona mnyamata wamtali, ka screwdriver kali m'thumba la malaya ngati cholembera. Mwini shopu ankamutchula Dokotala, poti amadzutsa makompyuta akufa.

"Ndakufunsani?" ndinatero.

"Ayi. Koma odwala ambiri safunsa. Amangobwera nawo atakomoka kale."

Ndinaseka. Pomatuluka m'shopumo, nambala yanga anali nayo.

Chikondi chathu chinakulira m'mashopu. Ena amapita kokaonera filimu, ife tinkazungulira mashelefu tikukangana za mafani oziziritsa kompyuta. "Inu" uja anasanduka "iwe" osadziwa kuti zachitika liti.

"Finya pa zina zonse, babe," ankatero, "koma pa graphics card usaumire. Khadi limenelo ndiye mtima wa gemu."

Ndinamvera. Ndinkafuna bokosi la kompyuta lagalasi, lija mumaona zam'kati zikuwala. Iye anagwedeza mutu.

"Galasi silithamangitsa gemu. Tenga lachitsulo ili, lotseka mbali zonse."

Ndalama zonse zotsala ndinaziponya pa khadi latsopano. Apanso anasankha ndi iye.

"Tenga lalifupili, la mafani awiri."

"Bwanji? Bokosi langa ndi lalikulu, lalitalilo likwana."

"Ndikhulupirire."

Mawu amenewo ine amandiyabwa. Sindikhulupirira munthu msanga. Ku hostel chilichonse changa ndinkachiika kadontho ka kyuteksi wa pinki, kaya charger, kaya ndowa, ngakhale supuni. Khadi lija nditafika nalo kunyumba ndinalidontheza pakona, pafupi ndi fani. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangozolowera.

Tsiku lomanga, Dokotala anati zida zonse apite nazo kwake.

"Magetsi a m'thupi mwako akhoza kupha khadi. Izi n'zofunika manja ozolowera."

"Ndiye tipitire limodzi, ndikaonere."

"Kuchipinda kwanga kuli mawaya okhaokha, ulibe pokhala."

Aka sikanali koyamba kundikaniza kuchipinda kwake. Nditawauza achemwali anga, anasiya kusita, n'kundiyang'ana.

"Mwana iwe, digiri ija inali ya chiyani? Mwamuna akamakana kuti uone chipinda chake, pansi pa bedi pali nsapato za mnzako."

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wapolisi. Akandikumbatira ndinkanunkhiza kolala. Foni yake ikawala, diso langa linali pomwepo. Ndinkasaka mkazi, anzanga.

Kompyuta inabwera yotsekedwa bwinobwino, ma screw omanga zolimba. Koma gemu inkadukaduka, fani ikulira ngati chigayo.

"Ndi network," anatero. Tsiku lina, "Ndi ma settings, ndidzakonza."

Mpikisano wanga woyamba wa pa intaneti, inu mukuonera, chithunzi chinauma mdani ali pamaso panga. Ndinatuluka round yoyamba. Ena mwa inu munalemba kuti nditsegule saluni basi. Ndinawerenga...

Loweruka lina masana ndinati zokwana. Ndinapita kwake osamuuza, kuti ndikamugwire mkaziyo ndi manja anga.

Anatsegula chitseko, ma headphone ali m'khosi. Ndinamudutsa ngati mphepo. Kuseri kwa chitseko, palibe. Pansi pa bedi, makatoni okhaokha. Mu wadiropu, malaya ake atatu omwe ndimawadziwa.

Manyazi anandigwira. Ndinakhala pabedi ndikukonza mawu opepesa.

Ndiye maso anga anagwera patebulo. Kompyuta yake. Kabokosi kakang'ono, kagalasi, magetsi akuthwanima m'kati. Khadi lalifupi la mafani awiri litakwana ndendende, ngati anachita kuliyeza ndi tepi.

Pakona, pafupi ndi fani, kadontho ka pinki.

"A Dokotala," ndinatero, "mwayamba liti kupaka kyuteksi?"

"Ukuti chiyani, babe?"

"Khadi lanulo lapaka."

Anayang'ana galasi, n'kuyang'ana ine.

"Ndimangoliyesa kaye..."

"Mwezi wonse? Nanga mwanga muja muli chiyani?"

"Langa lakale. Koma limagwira, babe. Iwe ukuyamba kumene, limenelo likukukwanira. Si pano sunazindikire?"

Anzanga, mkazi ndikanamupeza bwenzi ndikungolira basi. Koma mawu amenewa anandiwotcha pena pake pomwe misozi siifika.

Ndinasolola ka screwdriver m'thumba la malaya ake, n'kuzula pulagi kukhoma.

"Usakhudze, magetsi a m'thupi..."

"Khalani pansi, achimwene."

Khadi langa lija ndinalichotsa ndekha, koyamba m'moyo wanga. Silinafe. Kunyumba ndinatsegula bokosi langa lachitsulo lija, n'kupezamo khadi lodzaza fumbi ngati lachokera kumanda. Ndinakalisiya kwa mwini shopu kuti wodwala ameneyu mwini wake adzamutenge.

Panopa gemu ikuyenda ngati madzi, mwaona nokha dzulo. Koma chikundipweteka si khadi ayi. Ndimakumbukira tsiku lililonse tinkayenda m'mashopu titagwirana manja, ine ndikuti mwamunayu akundimangira tsogolo. Chonsecho iye m'mutu ankayeza kabokosi kake.

Wandilembera kuti wandisowa. Sindinamufunse kuti wasowa ndani, ine kapena mafani awiri aja.

Anzanga, wina akakusankhirani bokosi lopanda galasi, mufunseni chomwe sakufuna kuti muone.