Amalume Anadikira Oyilo

Fungo la dizilo m'mawa wozizira limandibwezera ku Champhira. Amayi anali atayamba kumva zowawa za kubereka, ndipo amalume, dalaivala wa asilikali, anabwera ndi chilole kuti awatengere kuchipatala ku Embangweni. Analiza injini, kenako anangokhala, manja pamiyendo. Ndinamenya chitseko ndikulira, poganiza kuti aiwala njira.

"Amalume, tiyeni, ndapota."

"Dikira, mwanawe. Oyilo watsikira pansi. Tikathamanga asanakwere, zitsulo zidyana, mbwenu tithera panjira."

Kamuvi ka oyilo katakwera tinanyamuka, chilole chinakwera zitunda zonse osatsokomola. Mng'ono wanga anabadwira pabedi, osati patchire. Lero ndi makaniko pa Mzimba boma, ndipo akamakalipira madalaivala oponda moto injini ili yozizira, ine ndimangomwetulira. Kudikira kuja ndiko kunamufikitsa.