Wamaluwa ndi Chitseko cha Ngalande

M'mabuku a khonsolo ya mzinda analembedwa kuti ndi wosamalira maluwa, ndipo dera lonse la kumunsi linkawatcha a Wamaluwa, ngakhale kuti pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ntchito yawo sanathirirepo duwa ndi limodzi lomwe. Paki imene anawalembera ntchitoyo inasanduka siteji ya mabasi asanathe ndi mwezi womwe. Kapitawo wa nthawiyo, posafuna kuti munthu wongokwatira kumene akhale lova, anapita nawo kugombe, pamene ngalande yaikulu ya mzinda imathirira m'nyanja yamchere. Anawaonetsa chitseko chachitsulo chimene chimatsika ndi kukwera munthu akamapukusa chigudumu, n'kuwapatsa kiyi wa kanyumba ka chigudumucho.

"Mvula ikamagwa, chikhale chotsekula," anatero kapitawoyo. "Nyanja ikamakwera, chikhale chotseka. Zikabwera pamodzi, upemphere."

Kapitawoyo anamwalira, omulowa m'malo anasinthasintha, ndipo palibe anakumbukira kukonza za m'bukumo.

Masiku wamba nyanja siifika pakamwa pa ngalandeyo. Koma kawiri pa mwezi, mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukakhala mumdima, madzi amchere amakwera n'kuyamba kulowa chobwerera, kulunjika kotsika: kusukulu ya pulaimale, kumsika wa nsomba, kenako kunyumba zothithikana za kumunsi. A Wamaluwa ankatseka madziwo asanafike, n'kutsekula akaphwa. Masiku enawo ankapala dzimbiri, kupaka girizi ndi kukokolola mapulasitiki ndi chingowe. Maola a madzi ankawalemba ndi pensulo kuseri kwa kalendala ya kutchalitchi.

Popeza madzi sanalowepo m'nyumba ya munthu, anthu ankangoti kuli madala ena okonda kukhala kugombe.

"A Wamaluwa, maluwa aja aphuka?" ankatero amayi a pamsika akamadutsa.

"Akubwera," ankayankha, n'kuvula chipewa.

Chaka chimenecho kunalowa khonsolo yatsopano, ya maso kumsewu wa kugombe. Inkafuna magetsi aatali ndi miyala yopaka laimu, kuti alendo aziyenda mosangalala. Kalaliki watsopano, poyang'ana mndandanda wa antchito, anapeza wosamalira maluwa wa paki imene kulibe, ndipo anawaitanitsa ku ofesi.

"Madala, pakiyi ili kuti?"

"Kulibe, bwana."

"Nanga mumathirira chiyani?"

"Sindithirira ayi. Ndimatseka madzi."

Kalalikiyo anaseka, osati mwachipongwe, koma ngati munthu wotopa ndi nkhani zosamveka. Anati ntchito yawo yatha, ndipo ngati pali dandaulo alembe kalata. Kiyi uja analandira n'kumukoloweka pa mulu wa makiyi umene unkalendewera pa lamba wake.

A Wamaluwa anali atasiya chitseko chili chotsekula, chifukwa inali nyengo ya mvula. Analemba makalata atatu ndi dzanja lawo lokongola, koma yankho silinabwere. Kalendala inkasonyeza kuti madzi aakulu a chaka chonse atsala masiku khumi ndi limodzi. Nyumba yoyamba imene madziwo akanaifika inali ya mwana wawo wamkazi, amene anali ndi khanda la masabata atatu, ndipo ankagona nalo pamatiresi apansi.

Akazi awo anali telala wa pakhonde, komanso mlembi wa komiti ya amayi a m'deralo. Tsiku lina, osakweza maso pamakina, anafunsa kuti, "Kodi bambo, madzi aakuluwo ndi liti?"

"Lachinayi la sabata yamawa, cha m'ma folo koloko madzulo."

"Oho," anatero mayiwo, n'kupitiriza kupalasa.

A Wamaluwa anadabwa kuti munthu angamve zoterezo n'kumasokabe diresi. Lachitatu anapita kwa makaniko woyandikana nawo kukabwereka sowo yodulira zitsulo.

"Mukufuna kudula chiyani, achimwene?"

"Kachitsulo chabe."

Moyo wawo wonse anali asanathyolepo loko, ngakhale wa sutikesi yawo yomwe. Sowoyo anaibisa kuseri kwa kabati ngati chinthu chakuba.

Lachinayi masana akazi awo anawatulutsira jekete la kutchalitchi. Anati khonsolo ikubwera kuholo ya sukulu nthawi ya fili koloko, kudzamva zimene anthu akufuna kuti ziyambe kukonzedwa.

"Ine sindipita, mayi. Ndili ndi kwina."

"Kwinako ndikukudziwa. Sowoyo ndinaiona posesa. Iikeni m'jekete, tiyeni."

"Madzi sadikira msonkhano."

"N'chifukwa chake ndinalembera khonsolo kuti amayi a kuno alibe mpata tsiku lina lililonse, koma Lachinayi fili koloko."

A Wamaluwa anakhala pansi pang'onopang'ono. "Mukuseweretsa nyumba ya mwana."

"Katundu wake tinakweza pamatebulo m'mawa, ndipo khanda lili kwa apongozi kumtunda. Tamverani, bambo a mwana. Mukadula loko lero, mawa akumangani n'kuikapo loko wina. Mwezi wamawa mudzadula muli kundende? Munandiuza nokha kuti madzi akafika pasukulu pamatsala theka la ola kuti afike kunyumba. Kalaliki wanuyo makiyi ake sasiya, amamveka ali kutali ngati ng'ombe ya belu. Akakana kupereka, mudule. Ine ndikugwirirani jekete."

M'holo munadzaza. Kutsogolo kunakhala mayi khansala, atavala nsapato zoyera, ndipo pambali pawo panali kalaliki uja ndi kope lake. Anthu anakangana kwambiri. Amayi ogulitsa nsomba ankafuna denga la msika. Oyendetsa njinga ankafuna kuti maenje a mumsewu akwiriridwe. Mayi khansala anafotokoza modekha kuti magetsi a kugombe adzabweretsa alendo, ndipo alendo adzagula nsomba.

"Adzagula zonyowa ndi mvula?" anakuwa mayi wina wa nsomba, holo yonse n'kuseka.

A Wamaluwa sanamve zambiri. Anakhala pafupi ndi khomo, maso ali pa wotchi ndi pa chitsulo chamabowo chimene chinavundikira ngalande ya pabwalo la sukulu. Sowo inkawabaya m'nthiti. Nthawi itangopitirira hafu pasiti fili, mabowo aja anadzaza. Madzi anatuluka opanda phokoso, anayala pabwalo, n'kulowa pansi pa chitseko cha holo ngati munthu wochedwa amene sakufuna kusokoneza.

"Paipi yaphulika!" anatero wina.

Mayi wa nsomba uja anaviika chala n'kulawa. "Paipi yanji? Mchere uwu!"

Pamenepo kankhanu kanalowa chammbali, kanadutsa pakati pa mabenchi n'kukaima pafupi ndi nsapato zoyera zija. Mayi khansala anakweza miyendo.

"Nyanja ili kutali ndi kuno. Yabwera bwanji?"

Akazi a Wamaluwa anaimirira. "Funsani amuna angawa, mayi khansala. Koma muwafunse akuyenda."

Anthu onse anacheuka. A Wamaluwa, amene anali asanalankhulepo pagulu, anayang'ana lamba wa kalaliki n'kunena kuti, "Bwana, kiyi wachitatu kuchokera ku wamkuluyo."

Kalaliki sanafunse za kalata. Anathamanga nawo limodzi, makiyi akulira, ndipo kumbuyo kwawo kunkabwera theka la holo. Atatsekula kanyumba kaja anapeza chigudumu chitauma, chifukwa chinatha masiku chisanaone girizi, komanso madzi anali akukankha chitseko ndi mphamvu. A Wamaluwa anagwira, chinakana. Kalaliki anavula jekete n'kugwira mbali ina, makaniko uja n'kugwira pakati.

"Kangati, madala?" anafunsa kalaliki akupuma movutika.

"Makumi anayi ndi kawiri. Musathamange, chimaluma zala."

Amayi anayamba kuwerenga mokweza kunja. Pa makumi atatu mkokomo wa pansi unayamba kuchepa. Pa makumi anayi ndi kawiri chitseko chinagunda pansi, ndipo a Wamaluwa anaika khutu pachitsulo, n'kugwedeza mutu kuti zatheka. Kenako anakhala pa chitini cha girizi chopanda kanthu.

Posakhalitsa mwana wawo wamkazi anafika, chitenje chitanyowa m'munsi. "Ababa, madzi aima pa sitepe! Anatsala chonchi kuti alowe," anatero akusonyeza chikhatho.

Mayi khansala anafika nsapato zili m'manja. Anayamba kunena mawu aakulu, za ngwazi ndi za satifiketi yoti adzawapatse pamaso pa anthu. A Wamaluwa anayang'ana pansi, akupotokola chipewa.

"Nanga inuyo mukufuna chiyani, bambo?"

"Girizi, mayi. Ndiponso munthu wachiwiri woti adziwe chigudumuchi. Mawondo angawa atha."

Madzi ataphwa anatsekula chitseko monga mwa masiku onse, n'kulemba ola lake kuseri kwa kalendala. Sabata yotsatira kalaliki anabweretsa yekha kalata yowabwezera pa ntchito ndi zitini ziwiri za girizi, zikhatho zake zikadali ndi matuza. M'buku analembamo kuti wosamalira chitseko cha ngalande, koma pamsika palibe anasintha. Mpaka lero amawafunsa ngati maluwa aphuka. Magetsi a kugombe anaikidwa theka lokha, ndipo denga la msika akukanganabe.

Sowo ija anabweza Loweruka. Makaniko anayendetsa chala pamano ake, n'kuwayang'ana.

"Achimwene, iyitu sinagwire ntchito."

"Sinagwire," anatero a Wamaluwa.

"Nanga kachitsulo kaja?"

"Mlamu wanu anakadula ndi kalata."

Pobwerera anapeza akazi awo ali pamakina, mdzukulu atagona m'dengu la nsalu pambali pawo. A Wamaluwa anatenga botolo la mafuta a makina, n'kugwada movutikira, n'kudontheza pa chopondera chimene chinakhala chikulira mwezi wonse.