Tadala walandira katundu ku Jeremani

Mwaswera bwanji ana anga nonse, ndine agogo anu kuno ku Guilleme.

Tadala waimba masana ano pa foni yoonana nkhope ija, ali ku Jeremani komwe akuphunzira unamwino. Mtima ukuvina, miyendo ikuvina. Paja ine tulo sindimagona, poti mwana ali yekhayekha mumzinda wa eni, wopanda womudziwa.

Ndiye tamvani. M'mawa uno pochokera kushopu waona mayi okalamba, achitseko choyandikana naye, atanyamula thumba lolemera la mbatatesi. Mwachikwathu, wangothamanga kukalandira. Mayi aja kukakamira thumba, kukuwa, ati wakuba. Kumeneko katundu salandirana osapempha.

Mdzukulu wanga sanathawe ayi. Wagwada pomwepo, pasimenti yozizira, anthu akuonerera, n'kunena m'Chijeremani chake chothyokathyoka kuti kwathu wamkulu sanyamula katundu mwana akuona. Mayi aja n'kusiya thumba. Iye thumba pamutu, osagwira, masitepe onse a nyumba yosanja yomwe amakhalamo mpaka pamwamba. Osagwira, ana anga, ngati akuchokera kudimba.

Poimba foni anali m'khitchini mwa mayiwo, akumwa tiyi. Ndawaona ndi maso angawa, tsitsi mbuu, akuseka, akundibayibitsa. Ati Lamulungu lililonse Tadala azikadya kwawo.

Tsono inu amalume ake ndi azakhali ake, munthu wotere timamuthokoza ndi chiyani? Ine ndati mtedza wanga wa chaka chino, ndisende ndekha, ndikazinge ndekha. Kodi ndege imalola mtedza?