Zala Zanga Zinanditsogolera Kwathu

Ganizo lopita ku Joni ndinalipanga pa ukwati wina ku Nancholi, tsiku lomwe magetsi anazima pakati pa perekaniperekani. Tinangoti kakasi, ine zala zili pa kiyibodi yakufa, anthu n'kumatiyang'ana ngati tazimitsa ndife. Pamapeto pake eni ukwati anatipatsa mpunga m'timbale tapulasitiki ndi mawu akuti Mulungu atidalitse. Ndinasenza kiyibodi mpaka kumsewu, ndipo ndili m'minibasi, chida changa chili pamiyendo, kondakitala akulimbikira kuti ndichilipirire mpando, ndinati basi, Blantyre wandikwana.

Bandi yathu inali ya pachibale. Mchemwali wanga Esinati ndiye ankaimba. Amuna ake, a Zuze, ndiwo ankasaka maukwati ndi kubwereka masipika. Za nyimbo sankadziwa kanthu, ngakhale kuwomba m'manja ankaphonya, koma pakamwa Mulungu anawapatsa. Panalinso anyamata awiri a kutchalitchi kwathu ku Chirimba, wina wa ng'oma, wina wa besi. Kiyibodi ndinaisiya m'manja mwa a Zuze kuti azibwereka woiza wina mpaka ndidzabwere. Pondiperekeza ku Wenela, a Zuze anandigwira phewa.

"Alamu, pitani mukaone dziko. Koma malo anu pa kiyibodi ndi anu. Tsiku lomwe mudzatsike basi, mudzawapeza akukudikirani."

Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, uchitsiru wanga.

Ku Joni ndinayamba ndi kutsuka magalimoto, kenako mwamwayi ndinalowa ntchito m'shopu ya zida zoimbira zakale, ya mkulu wina wosachedwa kupsa mtima. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi amuna ena atatu, aliyense atatsamira chikwama chake. Kuzizira kwa kumeneko sikufanana ndi chiperoni chathu, kumalowa mpaka m'mafupa. Koma chomwe chinkandipweteka kwambiri sichinali chisanu. Mwezi unkatha popanda munthu wonditchula dzina langa loti Mateyu. Kwa abwana, kwa makasitomala, ngakhale kwa mayi wogulitsa buledi pakona, ndinali "Malawi" basi.

M'shopu momwemo ndi momwe ndinadziwira za midi. Tsiku lina ndinapeza makiyibodi awiri atalumikizidwa ndi chingwe chakuda cha timano tisanu kumapeto. Nditadina imodzi, inalira ndi inzake, yomwe sindinaikhudze n'komwe. Ndinaganiza kuti phokoso ndilo likudutsa m'chingwemo. Abwana anandiseka, nati m'menemo simudutsa phokoso ngakhale pang'ono, mumadutsa uthenga. Kiyibodi yoyamba imangouza inzake kuti kiyi yakuti yadinidwa, yadinidwa ndi mphamvu yotere, tsopano yasiyidwa. Inzakeyo imamvera, n'kulira ndi mawu omwe ili nawo, kaya a piyano kaya a lipenga. Chingwe chimodzicho chili ndi njira khumi ndi zisanu ndi imodzi. Ng'oma zimayenda njira yakhumi, besi njira yake, piyano njira yake, osasokonezana. Ndipo uthengawo utha kusungidwa pa disiketi. Ukailowetsa m'kiyibodi ina, kaya ili kutali bwanji, imachita zonse zomwe zala zako zinachita, ngakhale pomwe unazengereza imazengerezanso.

Tsiku limenelo ndinasangalala ngati mwana. Lero ndikaona chingwe chotere pa benchi la mavenda mu Limbe, ndimayang'ana kumbali.

Kunyumba ndinkaimba foni mwa apo ndi apo, iwo akudikira pa byulo ya mafoni ya ku Chirimba. Nkhani inkayamba ndi moni n'kuthera pa ndalama. Ndinkatumiza zomwe ndikanatha, ndipo ndinkamva m'mawu awo kuti sizikukwana. Anthu akamva za Joni amaganiza kuti ndalama timangotola pansi. Sindinawauzepo kuti nthawi zina ndinkagonera tiyi wopanda shuga kuti iwo alandire kenakake. Tsiku lina Esinati anadandaula kuti woiza kiyibodi wobwereka uja amafika ataledzera, ndipo maukwati ayamba kuwathawa.

"Achimwene, tifa ndi njala kuno. Palibe amene amandiizira ngati inu."

Apo ndinakumbukira kuti kiyibodi yanga ija inali ndi polowetsa disiketi, pomwe sitinkapagwiritsa ntchito. Lamlungu masana, shopu itatsekedwa, abwana ankandilola kukhalamo. Ndinkayamba ndi ng'oma, n'kuika besi, kenako piyano, nyimbo zonse zomwe Esinati ankaimba pa maukwati. Ndinkatsinzina n'kumamumva m'mutu, ndipo pomwe amapumira ndinkasiya kampata. Madisiketi ndinkapatsira onyamula katundu wa anthu pa basi. Patapita nthawi ndinkangotumiza pa kompyuta, a Zuze n'kukatenga pa kafe ya intaneti mu Limbe, poti uthenga wa midi ndi wopepuka kwambiri. Kunena zoona, masana a Lamlungu amenewo ndiwo anandisunga. Ndinkamva ngati ndili nawo limodzi m'holo.

Madandaulo pa foni anachepa. A Zuze ankangoti, "Tumizani zina, alamu, zinthu zikuyenda." Ine n'kumakondwa kuti ndikusunga malo anga.

Ndinabwerera chaka chomwe kumeneko anayamba kuthamangitsa alendo. Za masiku amenewo sindikonda kukamba. Chipinda chathu anachiphwanya, tochepa tomwe ndinasonkhanitsa tonse tinapita, ndipo ndinatsika pa Wenela ndi jumbo imodzi, nditavala nsapato za munthu wina. Ndinakafikira kwa amayi ku Chirimba. Esinati anabwera, anandikumbatira akulira. A Zuze akuti anatanganidwa. Ine sindinataye mtima, poti zala ndinali nazo ndipo malo anali atandilonjeza.

Loweruka lake anali ndi ukwati pa holo ina ku Chitawira, ndipo ndinapita osawauza. Ndili panja ndinamva piyano, n'kuima chilili. Zinali zala zanga. Nyimboyo anaithamangitsa pang'ono, pena anasintha mawu a piyano kukhala a malipenga, koma kadinidwe kake ndinakazindikira monga munthu azindikirira mapazi a mwana wake. Mkati, kumbuyo kwa masipika, anapachika nsalu yolembedwa zilembo zazikulu kuti nyimbo zochokera ku Joni. Wa ng'oma kunalibe, wa besi kunalibe. Kunali Esinati ndi maikolofoni, ndipo kuseri kwa kiyibodi yanga kunaima a Zuze mu suti yonyezimira, akugwedeza mapewa, zala zikuthamanga uku ndi uku.

Ndinasendera pafupi. Kiyibodi imakhala ndi poidulira kuti makiyi ake asamamveke, izingomvera uthenga wochokera kwina. Wina anali atawaonetsa a Zuze pamenepo. Ndiye ankangomenya paliponse, ngakhale ndi chigongono, osamveka, disiketi ikuwagwirira ntchito. Anthu ankawaponyera ndalama. Mayi wina pafupi nane anati, "Koma bambo awa zala Mulungu anawapatsa!" Ndinatuluka mtima ukuwawa, ndipo mpunga wa ukwati umenewo sindinaulawe.

Lolemba ndinapita kwawo. Anali atasamukira m'nyumba ya mpanda ku Nancholi. Ndinawakumbutsa a Zuze mawu awo a ku Wenela, ndipo sanakane.

"Malo ndi anu, alamu. Nayi kiyibodi, yeserani ndi mchemwali wanu."

Ndinailumikizanso kuti makiyi azilira, n'kuyamba nyimbo yomwe tinkaimba limodzi kuyambira tili ana. Esinati analowa bwino. Titafika pomwe kale ankakonda kukoka mawu, ndinamudikira monga ndinkachitira. Iye anangodutsa, kenako n'kuima.

"Achimwene, mukudikira chiyani? Mukundisokoneza."

Tinayambanso. Ndinakometsera pang'ono, iye n'kuphonya polowera. Zaka zonse zija anazolowera kutsatira makina osatembenuka, moti munthu womutsatira iye anayamba kumuopsa. A Zuze anadina batani, disiketi inayamba, ndipo Esinati anaimba osaphonya ngakhale pamodzi. Ine ndili pompo, manja pamaondo, kugonja kwa ine ndemwe wa ku Joni.

"Mwaona, alamu?" anatero a Zuze. "Si kuti ndikukukanani ayi. Koma ameneyu sachedwa, sadwala, safuna thiransipoti."

Ndinawafunsa za anyamata awiri aja. Anaseka.

"Ng'oma zili pa njira yakhumi, si munatiuza nokha pa foni? Ndiye ndizilipiranso munthu wa chiyani?"

Kenako anatsitsa mawu, nkhope ili ya chifundo, chifundo chomwe mpaka lero chimandinyansa. Anati anthu amawalemba maukwati chifukwa cha dzina la Joni. Akwati amanyadira kuti nyimbo zawo zaphikidwa kunja. Zikamveka kuti wophikayo wabwera ndi jumbo ndipo akugona kwa amayi ake, malonda afa.

"Inu muzitipangira zatsopano kunyumba, ife tizikuonani. Loweruka mukafuna muzithandiza masipika. Koma pa kiyibodi osayandikira, anthu angadabwe."

Ndinayang'ana Esinati kuti mwina anenapo kanthu. Iye ankakonza mpango wake, maso ali pansi. Ndinafuna kusenza kiyibodi yanga n'kutuluka nayo, poti inali yangadi, yogula ndi thukuta langa. Koma lendi ya amayi ku Chirimba inkachokera m'kiyibodi momwemo, mankhwala awo a shuga chimodzimodzi, ndi ufa womwe ndinadya m'mawa umenewo. Munthu wopanda bandi, wopanda masipika, wopanda suti, ndikanapita nayo kuti? Ndinavomera.

Ndi momwe ndikukhalira mpaka pano. Pakati pa sabata amandibweretsera kiyibodi, ndimadzitsekera m'chipinda kwa amayi, n'kuika ng'oma, besi ndi piyano monga ndinkachitira m'shopu muja. Kusiyana kwake n'kwakuti kuja ndinali ndi kwathu koti ndizikuganizira. Timipata topumira ndinaleka kusiya, palibe amatifuna. Loweruka ndimavala chipewa n'kukanyamula masipika. Ndinaonda, ndevu zinachita imvi, ndipo pa ukwati palibe amayang'ana nkhope ya wonyamula katundu.

Mwezi watha tinali ndi ukwati mu Limbe. Mwambo utatha, ndinagwada kuseri kwa sipika kukulunga zingwe. Kunabwera mayi wina yemwe tinkapemphera naye kale asanasamukire ku Bangwe, mayi yemwe anandiona ndikukula. Anagwira Esinati manja onse awiri.

"Mwana iwe, nyimbo zake! Nanga achimwene ako a Mateyu ali bwanji kunja kuja?"

Esinati anatembenuka pang'ono. Maso athu anakumana, ine ndili chigwadire, chingwe m'manja. Ndinadikira.

"Ali bwino, amayi," anatero. "Akadali ku Joni. Amatikumbukira kwambiri."

"Eya, mwana wabwino ameneyo, sanaiwale kwawo. Ukamupatse moni. Umuuze asafulumire kubwera, kuno kulibe chabwino."

"Ndikawauza, amayi."

Mayi aja anadutsa pafupi nane, analumpha chingwe, n'kutuluka. Ndinasenza sipika kupita nayo ku galimoto, Esinati anakhala kutsogolo ndi amuna ake, ine kumbuyo ndi katundu. Moni umenewo mpaka lero sanandipatse.