Nsikidzi ya a Kefasi ndi Njira Zokhota

Pa boda ya Mchinji palibe amene amayenda ulendo wopanda katundu. Ngakhale wopita kumaliro ku Chipata amabwerako ndi kabotolo ka mafuta ophikira. N'chifukwa chake anthu sankawamvetsa a Kefasi Muhiwa. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankakwera kagalimoto kawo kofiira n'kulowera kumapiri, madzulo n'kubwerako chimanjamanja.

Ine ndine Tiyanjane. Ndimagulitsa zitenje pakhonde la ofesi ya azakhali anga, a Bertha, amene ndi ejenti woombola magalimoto ochokera kunja. Galimoto ikaomboledwa imafuna munthu woiperekeza kwa mwini wake ku Lilongwe, ndipo kwa azakhali munthuyo ndi a Kefasi. Chakudya cha banja lawo chimachokera pa makiyi amene azakhali amawapatsa.

A Kefasi kwawo ndi ku Thyolo. Anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya kwa Mavwere. Kumeneko anaphunzira thirakitala, ndipo anaiyendetsa mpaka imvi zitayamba. Esiteti itatsekedwa anasamukira pa boda.

Kagalimotoko kanachokera ku Japan, koma amene anakaitanitsa atakaona anakakana. Kali ndi mipando iwiri yokha, ndipo n'kafupi moti mimba yake imakhula pa hampu iliyonse. Kanakhala kuseri kwa ofesi mvula ziwiri, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka a Kefasi anakagula pamtengo wa njinga yamoto n'kukadzutsa ndi manja awo. Poona kufiira ndi kuphwatalala kwake, anyamata osintha ndalama anakatcha Nsikidzi.

Nkhani inavuta tsiku limene Boniface, mmodzi wa osintha ndalamawo, anawafunsa m'tiyirumu anthu akumva.

"Mdala, Nsikidzi imakaluma ndani kuphiri kuja?"

"Palibe," anatero a Kefasi akuviika sikono. "Msewu wa ku Lilongwe umandigonetsa tulo, wawongoka kwambiri. Ine ndimakonda njira zokhota."

Onse m'tiyirumu anayang'anana. Kuno njira yokhota ili ndi tanthauzo limodzi: njira yozembetsera katundu a kasitomu asaone. Pofika masana mawuwo anali atazungulira boda yonse. Wina anawonjezera kuti anawaona akukumba pansi m'mbali mwa msewu wa kuphiri. Wina anati okwera njinga zamoto ochokera kutsidya amawapatsa moni ngati bwana wawo.

Azakhali anandiitanira m'kati n'kutseka chitseko.

"Lolemba kuli galimoto yopita ku Lilongwe," anatero. "Akadzapeza kanthu pansi pa mpando wa galimoto ya kasitomala, chiphaso changa chapita. Makiyi sindipereka mpaka ndidziwe. Iwe uli ndi maso, kakwere nawo Lamulungu."

Inenso ndinali nditawerengera kale. M'buti mwa Nsikidzi simungalowe ngakhale theka la belo la zitenje. Mafuta okwerera phiri ndi kutsika si ochepa. Ndiye chimene ankanyamula chinayenera kukhala chaching'ono koma chodula: golide, miyala, kapena zina zosatchulika. Mantha ndinali nawo, koma ndinkafunanso kuona malonda amene amabweza mafuta otere.

Lamulungu ndinawadikirira pageti pa tchalitchi.

"Abambo, munditengeko ndikapitidwe mphepo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wayamba liti kukonda mphepo, mayi wa zitenje? Akutuma azakhali ako?"

"Ayi."

"Bodza suligulitsa bwino ngati zitenje. Kwera. Umange lamba."

Kukhala m'menemo kuli ngati kukhala pamphasa. Titasiya tala tinalowa msewu wakale wa miyala umene magalimoto a esiteti ankadutsa, wolowera chakumalire. Koma msewuwo unali wosalala modabwitsa, kuposa wa kutsogolo kwa ofesi yathu.

Phiri litayamba, a Kefasi anasintha. Munthu amene pa boda amayenda ngati wanyamula mtondo anawongoka msana, dzanja likuvina pa giya. Injini inabangula. Msewu unapinda kumanja, tisanapume unapindanso kumanzere, mitengo ya masuku ikuthamangira kumbuyo. Mbali yanga kunali phompho. Ndinagwira chitseko ndi manja onse awiri.

"Usayang'ane kuphompho," anakuwa. "Yang'ana kumene kona ikuthera. Galimoto imapita kumene maso apita."

Ankaseka okha. Ine ndinkayang'ana pagalasi ngati pali wotitsatira, n'kumaganiza kuti munthu sathamanga chonchi popanda chimene akuthawa.

Kenako pakona ina, popanda nyumba kapena munthu, anaima n'kuzimitsa injini. Anatsika, anayang'ana uku ndi uku, n'kupita kukatsegula buti. Ndinati mumtima, ndi pano. Ndinatsika mwakachetechete n'kusuzumira.

Munali fosholo, khasu ndi chigubu cha madzi.

"Wayang'ana mokwanira?" anandifunsa. "Kweza kapeti uonenso pansi pake, ukanene zonse."

Ndinakwezadi. Munali tayala lapadera ndi jeke basi.

Anatenga fosholo n'kuyamba kutapa miyala m'mbali, kuthira m'dzenje limene mvula inakumba pakati pa msewu. Anawaza madzi, anapondaponda ndi nsapato zawo za kutchalitchi.

"Nsikidzi singalumphe dzenje," anatero. "Ndikapanda kukwirira ine, akwirira ndani?"

Tili pomwepo kunamveka njinga zamoto zikutsika kuchokera chakumalire. Zinali ziwiri, makatoni atamangidwa mpaka kupitirira mitu ya okwerawo. Woyamba analiza hutala n'kukweza dzanja.

"Zikomo, bwana wa msewu! Mwatisalazira!"

Anadutsa osaima. Ndinayang'ana a Kefasi.

"Mumawadziwa?"

"Ndimadziwa fumbi lawo. Amandiwonongera makona ndi mabuleki awo."

"Nanga samakupatsani kanthu?"

"Akanandipatsa, bwenzi ndikupondaponda matope ndi nsapato za mgonero?"

Tinakwera mpaka pamwamba. Kuchokera pamenepo minda ya fodya ya kwa Mlonyeni imaoneka ngati zitenje zoyanikidwa, zigafa zili ndandanda, ndipo kutsidya malata a ku Zambia amanyezimira. A Kefasi analoza mizere ya m'minda ija.

"Waona mmene yawongokera? Moyo wanga wonse ndinkawongola mizere ya anthu. Mzere ukangokhota pang'ono, kapitawo ankandibweza kukayambiranso, anthu akuseka. Kwathu ku Thyolo msewu umazungulira phiri ngati njoka. Ndili mwana ndinkaima pakona kumaonerera malole a tiyi akupendekeka, n'kumati tsiku lina ndidzapinda ndekha. Ndakalamba ndikuyenda mowongoka. Lamulungu lokha ndi langa."

Ndinayesanso kuwerengera, koma sizinatuluke. Mafuta amapita, palibe chobwera.

"Ndiye phindu lake n'chiyani?"

"Potsika usatseke maso, uona."

Sindinatseke. Pakona yachitatu ndinazindikira kuti amene akukuwa ndine, ndipo sikunali kulira. Tisanafike patala ndinali nditaganiza kale zoti Nsikidzi tiziibwereketsa pa maukwati, ine ndikugulitsa zitenje za anamkungwi ndi operekeza.

"Mipando ndi iwiri," anatero a Kefasi, "ndipo chiwongolero sindipatsa munthu. Mkwati azithamanga pambuyo?"

Lolemba m'mawa ndinawauza azakhali zonse: fosholo, dzenje, makona, ngakhale za njinga zamoto zija. Anamvetsera atapinda manja. A Kefasi anali panja pabenchi, chipewa chili pabondo.

"Wayang'ana pansi pa mipando?"

"Ndayang'ana."

"M'zitseko?"

"Ndagogoda, mulibe kanthu."

"Akupatsa chiyani kuti unene zimenezi?"

"Azakhali!"

Anawaitana a Kefasi.

"Achimwene, mwanayu akuti mumawotcha mafuta kuti muzingozungulira phiri. Zoona?"

"Zoona, mayi."

"Osanyamula kanthu?"

"Fosholo."

Azakhali anapukusa mutu. "Wozembetsa katundu ndimamumvetsa, amafuna kudya. Koma inu mukundiopsa kuposa iyeyo." Anaseweretsa makiyi pa tebulo. "Ndipo msewu mukusalazawo mukusalazira akuba. Tsiku lina a kasitomu adzafunsa kuti wakonza ndani."

"Ndidzawauza kuti ndine. Ndidzawakwezanso."

Azakhali sanaseke. Anakankha makiyi mpaka kumapeto kwa tebulo, koma chala sanachotsepo.

"Galimoto iyi mafuta ndithira ndekha, okwanira Lilongwe basi. Mukaona phiri panjira, mutseke diso limodzi. Ndipo mawu aja a njira zokhota musadzawatchulenso m'tiyirumu."

"Ndizinena kuti chiyani?"

"Muzinena kuti mukupita kumunda, ngati anthu."

Anachotsa chala. A Kefasi anatola makiyi, anavala chipewa, n'kutuluka. Azakhali anaima pawindo mpaka galimoto inalowa mumsewu waukulu n'kuloza ku Lilongwe. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Lamulungu likubwerali ukakwerenso. Pansi pa injini sunayang'ane."

Ndinavomera msanga kuposa mmene anayembekezera, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.